Phunziro la Mafakitale a Zovala a ku Lesotho

M'mwezi wa Epulo 2025 boma la America lidalengeza kuti katundu wochokera ku Lesotho azilipira msonkho wa 50 peresenti polowa m'dzikomo. Msonkhowo udaimitsidwa patangopita masiku ochepa, ndipo pofika Ogasiti udatsitsidwa kufika pa 15 peresenti, koma madzi adali atatayika kale. Masitolo akuluakulu a ku America adaleka kuitanitsa zovala, mafakitale a ku Maseru adayamba kubweza antchito pa chipata, ndipo m'mwezi wa Julayi boma la Lesotho lidalengeza kuti kusowa kwa ntchito kwasanduka tsoka logwera dziko lonse. Nkhani imeneyi ndi yofunika kuti aliyense wogwira ntchito m'Boma aimvetse bwino, makamaka iwo amene ali ndi udindo wokambirana ndi amalonda akunja ofuna kudzamanga mafakitale.

Lesotho ndi dziko la mapiri lozunguliridwa mbali zonse ndi South Africa, ndipo anthu ake ndi opitirira pang'ono 2 miliyoni. Kwa zaka zambiri mabanja a kumeneko ankadalira ndalama za amuna opita ku migodi ya ku South Africa, ulendo womwewo umene amuna ambiri a ku Malawi adauyenda pa nthawi ya Wenela. Ntchito za m'migodi zitayamba kuchepa, chimene chidalowa m'malo mwake chidali kusoka zovala. Amalonda a ku Taiwan adayamba kufika m'zaka za m'ma 1980, koma adachuluka kwenikweni chitadutsa chaka cha 2000, pamene America adakhazikitsa lamulo lotchedwa AGOA, lolola katundu wa maiko ena a mu Africa kulowa m'dzikomo popanda msonkho.

M'lamulo limeneli mudali ndime imodzi imene idakoka amalondawo koposa zonse. Maiko osauka kwambiri adaloledwa kusoka zovala ndi nsalu yogulidwa kwina kulikonse, ngakhale ku Asia, chovalacho n'kuwerengedwabe ngati chopangidwa mu Africa. Motero nsalu inkatsika pa doko la Durban, kukwera mapiri mpaka ku Maseru, kusokedwa kukhala mathalauza a jinzi a Levi's ndi Wrangler, kenaka n'kubwerera ku doko lomwelo. Pofika chaka cha 2004 anthu pafupifupi 50,000 adali pa ntchito m'mafakitale amenewa, ambiri mwa iwo amayi. Palibe munthu wanzeru amene angapeputse zimenezi. Malipiro adali ochepa ndithu, koma adaphunzitsa ana sukulu, adafolera nyumba ndi malata, ndipo adapatsa amayi ambiri ndalama yawoyawo kwa nthawi yoyamba. Akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo pamenepa sadaname.

Koma akuluakulu omwewo adatinso mlendo ndi mame. Tsono kuyenera kufunsidwa kuti kodi m'fakitale yotere, chimene chidali cha Lesotho n'chiyani? Nsalu, ulusi, mabatani ndi mazipi, zambiri zinkachokera kunja. Mitengo ndi kuchuluka kwa zovala zofunika zinkakambidwa ku likulu la kampani ku Taiwan. Maudindo aakulu a m'fakitale adali m'manja mwa anthu obwera, ndipo ngakhale patapita zaka makumi awiri, Abasotho amene adafika poyendetsa fakitale yaikulu yawoyawo adali owerengeka. Nyumba za mafakitale zidamangidwa ndi bungwe la boma la Lesotho National Development Corporation, amalondawo n'kumangolipira lendi yotsika. Chuma chenicheni chimene mlendoyo adaika m'dzikomo chidali makina osokera, amene angathe kupakiridwa m'galimoto tsiku limodzi. Kampani ya Nien Hsing idasiyanako ndi anzake pomanga fakitale yoluka nsalu ya jinzi ku Maseru cha m'ma 2004, koma idali ngati mtengo umodzi pa dambo.

Chenjezo loyamba lidafika pa 1 Januwale 2005, pamene pangano lakale limene linkaika malire pa kuchuluka kwa zovala zimene China ndi maiko ena a ku Asia ankagulitsa ku America ndi ku Ulaya lidatha mphamvu. Pa nthawi yomweyo ndalama ya rand, imene loti ya ku Lesotho imayenda nayo mtengo umodzi, idali itakwera mphamvu, kotero kuti zovala za ku Lesotho zidadula. Antchito zikwizikwi pobwerera ku tchuthi cha Khirisimasi adapeza zitseko zili zotseka, eni ake atapita osatsazika, ena osalipira ndi malipiro omwe. Zimene zidachitika mu 2025, chaka chimenenso nthawi yoikika ya AGOA idafika kumapeto pa 30 Sepitembala, zidangobwereza chenjezo lomwelo: fakitale imene idabwera chifukwa cha lamulo la dziko lina, moyo wake uli m'manja mwa opanga malamulo a dzikolo.

Komabe m'dziko lomwelo la Lesotho muli mbali ina ya nkhaniyi imene siimveka kawirikawiri. Chitadutsa chaka cha 2005, makampani a ku South Africa adayamba kusamutsira ntchito yawo yosoka ku tauni ya Maputsoe, kutsidya kwa mtsinje kuchokera ku Ficksburg. Sadabwere chifukwa cha chifundo ai. Adatsata malipiro otsika. Koma popeza Lesotho ndi South Africa ali m'mgwirizano umodzi wa misonkho wa SACU, zovala zawo zimalowa m'masitolo a ku Johannesburg ndi Durban popanda msonkho, ndipo ulendo wake ndi wa maola chabe pa galimoto. Amasoka zovala zamitundumitundu, zocheperapo pa mtundu uliwonse, zimene zimafuna luso lochulukirapo, ndipo mwini fakitale amakhala pafupi. Msonkho wa ku Washington sudakhudze msika wa mafakitale amenewa. Msika wa pafupi ulibe chikoka ngati wa ku New York, koma wogula ndi wogulitsa ndi anansi, ndipo akasemphana ali ndi bwalo lokambirana.

Chilumba cha Mauritius chidayamba njira yofanana ndi ya Lesotho koma chidakafika kwina. Mu 1970 boma la kumeneko lidakhazikitsa lamulo lopeputsira misonkho mafakitale opanga katundu wogulitsa kunja, ndipo amalonda a ku Hong Kong adafika, atakokedwanso ndi pangano la Lomé la 1975 limene lidatsegula msika wa ku Ulaya. Kusiyana kwake n'kwakuti eni minda ya nzimbe a m'dzikomo, amene adapeza phindu lalikulu mtengo wa shuga utakwera cha m'ma 1974, adaika mpamba wawo m'mafakitale omwewo, n'kuphunzira ntchitoyo pambali pa mlendo. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mafakitalewo adali ndi antchito pafupifupi 90,000. Amalonda ambiri a ku Hong Kong atachoka, makampani a eni nthaka monga CIEL ndi CMT adatsala, akuluka nsalu yawo, ndipo ena adakatsegula mafakitale ku Madagascar.

Dziko la Malawi lidalawako kale zowawa zotere. Malamulo a malonda a SADC amati chovala chimalowa m'dziko linzake popanda msonkho pokhapokha ngati nsalu yake idalukidwa m'chigawo chomwechi. Malawi, Mozambique, Tanzania ndi Zambia adapatsidwa chilolezo chapadera chogulitsa ku South Africa zovala zosokedwa ndi nsalu yochokera kunja, koma chilolezocho chitatha kumapeto kwa 2009, malonda a zovala za ku Malawi ku South Africa adagwa. Ambiri adaona lamulo la nsalulo ngati chopinga, ndipo kwa wosoka wopanda nsalu yakeyake lilidi chopinga. Koma kwa dziko limene limalima thonje ku Chikwawa, Nsanje, Balaka ndi Salima, lamulo lomwelo ndi khomo, chifukwa aliyense woluka nsalu ndi thonje limenelo ali ndi ufulu umene wamalonda wa ku Asia alibe. Ntchito yoluka nsalu si yachilendo m'dziko muno: fakitale ya David Whitehead idatsegulidwa ku Blantyre mu 1967, ndipo idagulitsidwa kwa amalonda a Mapeto mu 2003. N'chinthu chomvetsa chisoni kuti thonje lambiri limatulukabe m'dziko litangochotsedwa njere, pamene misika yadzaza ndi kaunjika.

Choncho wogwira ntchito m'Boma amene wapatsidwa udindo wolandira wamalonda wakunja asakhutire ndi chiwerengero cha antchito chimene chalembedwa pa pepala. Afunse kumene katunduyo akagulitsidwe, ndipo ngati yankho lili dziko limodzi lokha lakutali, afunsenso chimene chidzachitike dzikolo likadzasintha maganizo. Afunse zipangizo zimene zidzagulidwe kwa alimi ndi amisiri a m'dziko muno, ndiponso chaka chimene mwana wa m'dziko muno adzakhale pa mpando wa woyang'anira makina kapena wosunga mabuku a kampaniyo. Kukhululukira msonkho ndi kupereka malo ndi ndalama za anthu, ndipo si kulakwa kuti zoterezi zichuluke kwa wodzamanga fakitale yopota ulusi ndi kuluka nsalu, zichepe kwa wongobwera ndi makina osokera. Malawi ali m'mabungwe a SADC ndi COMESA, adavomerezanso pangano la malonda la Africa yense limene lidasainidwa ku Kigali mu 2018. Mapangano amenewa amakhala ndi phindu pokhapokha galimoto yonyamula nsalu ikamadutsa pa chipata cha Mwanza, Dedza kapena Mchinji popanda kugonapo masiku, ndipo zimenezo zili m'manja mwa ogwira ntchito pa zipatapo ndi akuluakulu awo ku Lilongwe.