Malata a Wenela anagulidwa modula

Kuno kumwera kwa Mzimba, kuchokera pa Jenda kukafika ku Embangweni ndi Edingeni, nyumba yakale ya malata ikaoneka anthu amati, "Mwini wake anali wa Wenela." Amanena monyadira. Ine ndimanyadira amuna amene anakhetsa thukutalo, koma dongosolo la Wenela limene linawalemba ntchito ya m'migodi sindingaliyamikire.

Dziko la Inkosi ya Makosi M'mbelwa litalowa m'manja mwa Angelezi mu 1904, msonkho wa nyumba sunachedwe kufika. Ng'ombe zinalipo, chimanga chinalipo, koma boma linkafuna ndalama, ndipo ndalamazo zinali kutali, m'migodi ya ku Rhodesia ndi ku Joni.

Malume anga anadinda chala pa kontrakiti ali mnyamata. Kuyambira tsiku limenelo zochita zonse ankawasankhira ndi bwana. Ankagona pa kama wa simenti m'chipinda cha amuna okhaokha, ankadya phala limene kampani yaphika, ndipo potuluka pachipata ankafunsidwa chitupa. Mkazi ndi ana sankaloledwa kukhala nawo. Kusiya ntchito kontrakiti isanathe unali mlandu wopita nawo kundende. Ngakhale malipiro sankawagwira onse m'manja: gawo lina linkasungidwa kuti adzalandirire kuno kumudzi. Ena amati izi zinathandiza kuti ndalama zisathere mowa. Mwina. Koma munthu wamkulu, wa banja lake, ankamuona ngati mwana wosatha kusunga ndalama zake.

Nanga malipirowo anali otani? Katswiri wa zachuma wa ku South Africa, Francis Wilson, anapeza kuti mu 1969 malipiro a munthu wakuda m'migodi ya golide sankagula zinthu zoposa zimene ankagula mu 1911. Izi sizinangochitika. Eni migodi anagwirizana kuti azilemba anthu kudzera pakhomo limodzi, kuti pasapezeke mgodi wokopa antchito ndi ndalama zambiri. Antchito atanyanyala mu 1946 pofuna mashiling'i 10 patsiku, apolisi anawayankha ndi mfuti.

Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu April 1974 ndi kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu analetsa kulemba anthu. Ntchitoyi inayambiranso mu 1977 pansi pa Teba, bungwe limene linalowa m'malo mwa Wenela, ndipo inatheratu mu 1988 pa mkangano woyeza magazi. Amuna anabwerera ndi njinga, wailesi ndi masutikesi, ambiri ali ndi fumbi la mgodi m'mapapo. Malume anatsokomola mpaka tsiku la imfa yawo, ndipo amene anawasamalira anali akazi awo, osati mgodi.

Chimene chimandiwawa n'chakuti anyamata athu akupitabe ku Joni. Lero palibe kontrakiti. Wopanda mapepala amagona kuseri kwa shopu ya bwana wake, amalandira zimene bwanayo wafuna, ndipo akadandaula amamuopseza ndi Lindela, kumene amatsekera anthu oti abwezedwe kwawo. Ife kuno timangofunsa kuti watumiza zingati.

Mu 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza chipepeso cha R5 biliyoni kwa odwala chifuwa cha fumbi ndi TB m'migodi ya golide, ndipo Tshiamiso Trust ndiyo imalipira. Mafumu ndi makhansala athu ayende mudzi ndi mudzi, alembe amene anagwira m'migodi ndi amasiye awo, awathandize kufunafuna makadi a Teba ndi kukayezetsa mapapo akadali moyo.