Wodwala Multiple Sclerosis Tisamugoneke Pamphasa

Pamene madokotala anamuuza Jimmie Heuga mu 1970 kuti ali ndi nthenda ya multiple sclerosis, mnyamata amene mu 1964 anatengera dziko la America mendulo ku Innsbruck pa mpikisano wa Olimpiki wotsetsereka pa chipale chofewa, anamulangizanso kuti aleke kuvutitsa thupi, akhale phee, asunge timphamvu timene tinamutsalira. Anamvera, monga achitira munthu aliyense wogwidwa ndi mantha. Koma ataona kuti m'kukhala momo thupi linali kufota pamodzi ndi mtima womwe, anadzuka, nayamba kupalasa njinga ndi kulimbitsa thupi, ndipo mu 1984 anatsegula malo ku Colorado ophunzitsirako odwala anzake njira yomweyo.

Madokotalawo tisawaweruze mwankhanza, pakuti anali ndi chifukwa. Nthendayi, imene Jean-Martin Charcot anaifotokoza ku Paris mu 1868, imadza pamene chitetezo cha m'thupi chaukira mwini wake ndi kuyamba kudya chikuto cha mitsempha ya mu ubongo ndi mumsana, monga khoswe atafunira chikopa cha waya wa magetsi, kotero kuti uthenga wochokera kumutu umafika kumwendo mochedwa, kapena sufika konse. Pamenepo padza dzanzi, kudzandira, kuuma kwa minofu, kuona zinthu ziwiriziwiri, ndi kutopa kumene tulo sitikuchotsa. Ndipo imakonda kugwira anthu a zaka 20 mpaka 40, amayi koposa abambo, pa msinkhu umene munthu ali ndi ana oti alere. Tsono Wilhelm Uhthoff anali ataona kale mu 1890 kuti odwala ena akagwira ntchito yolemetsa, maso awo amachita chidima. Chimene chinadziwika bwino pambuyo pake n'chakuti chidimacho chimadza ndi kutentha kwa thupi, ndipo chimachoka thupi likazizira, osasiya bala latsopano. Mu 1996, Jack Petajan ndi anzake ku yunivesite ya Utah anaonetsa kuti odwala amene analimbitsa thupi katatu pa sabata kwa masabata 15 anapeza mphamvu, ndipo mtima wawo unapepuka.

Ine ndinena mosabisa kuti mafizo sali chotonthozera chopatsa munthu amene mankhwala amukana, ayi. Ndiwo mbali ina ya chithandizo chenichenicho. Mankhwala amene anayamba kupezeka mu 1993 amachepetsa kubwerezabwereza kwa nthendayi, ndipo tiyamika, ngakhale mtengo wake ndi woopsa; koma palibe jakisoni amene aphunzitsa phazi lokwekwereza kukwera khonde. Zimenezo zimaphunziridwa mwa kudzuka pampando kakhumi osagwirira, kupuma, ndi kudzukanso. Mwa kuwongola mwendo wouma tsiku ndi tsiku usanapindikiretu. Mwa kukulunga chigwiriro cha supuni ndi nsalu kuti zala zadzanzi ziigwire. Mwa kuphunzira kumeza popanda kutsamwa, ndi kugawa ntchito za tsiku kuti mphamvu zifike madzulo. Ziri zazing'ono m'maso mwa wathanzi, komatu tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Kwathu kuno nthendayi sipezeka kawirikawiri monga ku Ulaya, koma abale athu okhala ku Britain ndi ku South Africa amakumana nayo, ndipo a mafizo athu, monga a ku Kachere mu Blantyre, ntchito yotere aidziwa kuchokera kwa odwala sitiroko ndi ovulala msana. Chondidetsa nkhawa ndi chifundo chathu chomwe. Munthu akadwala timamuyalira mphasa, timamulanda mtondo ndi tsache, timamumangira mabatani a malaya, tikumati, “Gonani amayi, musadzivute, ife tilipo”. Ndipo m'chikondi chotero, chimene palibe angachinyoze, mwendo umene ukanayenda zaka zina khumi umaiwala njira m'miyezi yochepa. Wosamalira wanzeru aima pafupi, manja ali chire kuti agwire wodwala akapepesuka, koma batanilo alisiyira mwini malaya, ngakhale litenge mphindi zisanu. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo, mafizowo achitike mbandakucha kapena pamthunzi, madzi ozizira ali pambali ndi nsalu yonyowa pakhosi.

Heuga sanachire. Zaka zake zotsiriza anayendera njinga ya olumala, namwalira mu 2010 ali ndi zaka 66, patapita zaka 40 chimuuzireni kuti akhale phee.