Makina Okumba Ndalama za pa Kompyuta Akutenthera Chiyani ku Ndola?

Mwezi wa Okotobala ukafika ku Ndola, dzuwa limawomba mpaka kupitirira madigiri 30 masana, ndipo m'nyumba za malata za ku Pamodzi ndi m'makomboni ena a ku Chifubu mumatentha koposa panja. Iyi ndiyo nyengo imene munthu woika makina okumba ndalama za pa kompyuta m'chipinda chake amamva mafani akulira ngati chigayo, kenaka makinawo n'kuzima okha. Nkhaniyi ingaoneke ngati ya achinyamata a m'tauni okha, koma ikukhudzanso alimi a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi, pakuti mwana amene ali ku migodi akafuna mpamba wogulira makina otere, maso ake sachedwa kuyang'ana kumudzi kumene makolo angogulitsa chimanga, mtedza kapena thonje.

Kukumba kumene kukunenedwa pano si kwa mkuwa wa ku Nkana kapena ku Mufulira ayi. Ndalama za pa kompyuta, zimene yoyamba yake ndi Bitcoin ya m'chaka cha 2009, zilibe banki yozisunga. Kaundula wa amene walipira ndi amene walandira amasungidwa ndi makompyuta ambirimbiri a m'maiko osiyanasiyana, ndipo makompyutawo amapikisana kupeza nambala yotsekera tsamba lililonse la kaundulayo. Woyamba kuipeza ndiye amapatsidwa ndalama zatsopano. Mpikisanowu ulibe nzeru ina koma kuyesa manambala mamiliyoni ambiri pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku. Chipangizo chotchedwa graphics card chinapangidwa kuti chizijambula zithunzi za masewera a pa kompyuta, koma anthu anapeza kuti chimawerenganso manambala otere msanga kwambiri. Motero okumba amamangirira makhadi 6 kapena 8 pa chimango chachitsulo n'kuwasiya akugwira ntchito osapuma.

Khadi likatentha, mmisiri wodziwa ntchito sathamangira kulimasula. Amayamba waona kaye pamene pakutentha. Mapulogalamu aulere monga GPU-Z ndi HWiNFO amasonyeza kutentha kwa malo awiri: mtima wa khadi umene umawerenga, ndi tizidutswa ta memory tozungulira mtimawo. Kusiyanitsa malo awiriwa n'kofunika, chifukwa pa ntchito yokumba memory ndiyo imapsa kwambiri pamene mtima ukuoneka wozizira. Khadi la RTX 3080, limene kampani ya Nvidia inatulutsa mu Sepitembala 2020, linadziwika ndi vuto limeneli: memory yake ikafika madigiri 110, khadi limachepetsa lokha liwiro pofuna kudziteteza. Madzi amawira pa madigiri 100, tsono owerenga angaone okha kukula kwa moto umene uli m'kachipangizo kaja.

Chinthu choyamba kuchikayikira ndi fumbi. Khadi lililonse lili ndi timalata tating'onoting'ono tambiri timene timachotsa kutentha mphepo ikamadutsa pakati pake. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, fumbi la m'misewu ya m'komboni limalowa pawindo, mafani amalikokera mkati, ndipo limamatirira pa timalatato ngati bulangeti. Mankhwala ake ndi osavuta: kuzimitsa makina, kuzula pulagi kukhoma, n'kupemerera fumbilo ndi mpope wa mphepo kapena kulisesa ndi kaburashi kofewa. Popemerera, fani igwiridwe ndi chala kuti isazungulire mopitirira. Fani nayo imatha. Imene yazungulira zaka ziwiri kapena zitatu osapuma imayamba kugwedera ndi kukukuta, ndipo ina imangoima pamene zinzake zikuzungulira, mwini wake osazindikira.

Fumbi likachoka koma kutentha kukapitirira, ndiye kuti vuto lili mkati. Pakati pa mtima wa khadi ndi chitsulo choziziritsa pamapakidwa phala lotchedwa thermal paste, ndipo pamwamba pa memory pamaikidwa timapilo tofewa totchedwa thermal pads. Ntchito ya zonsezi ndi kutseka mpata kuti kutentha kuwoloke bwino kupita ku chitsulo. Pakapita nthawi phala limauma n'kung'ambika, timapilo timaphwa ndi kutuluka mafuta. Kusintha zimenezi kumatsitsa kutentha ndithu, koma ndi ntchito yofuna dzanja lodekha. Timapilo tili ndi makulidwe osiyanasiyana, ndipo woika tokhuthala kwambiri amatukula chitsulo kuchoka pa mtima wa khadi, kotero kuti pochiritsa memory amawotcha mtima.

Palinso njira imene sifuna sikuludiraiva. Khadi la RTX 3080 linapangidwa kuti lizidya mawati 320, koma mwini wake angalilamule kudzera pa kompyuta kuti lisapitirire mawati 220 kapena kucheperapo, ndipo liwiro la kukumba silitsika kwenikweni. Makhadi atalikirane kuti lina lisapume mpweya wotentha wa linzake, ndipo chipinda chikhale ndi polowera mphepo yozizira ndi potulukira yotentha. Apa ndi pamene nyumba ya m'komboni imagwa m'mavuto, pakuti mwini makina amatseka mawindo kuopa akuba, ndipo fani yaikulu imene waika pakona imangotakasa mpweya womwewo. Mawaya nawonso ayang'anidwe. Pulagi yakuda kapena yonunkha pulasitiki wopsa ndi chenjezo la moto, ndipo nyumba zambiri zinalumikizidwa ndi mawaya oyenera mababu, wailesi ndi ayironi, osati katundu wolemera wosalekeza.

Zonsezi zimachiritsa khadi. Chimene sizingachite ndi kuchotsa gwero la kutenthako, chifukwa magetsi onse olowa m'makinawo amasanduka kutentha, palibe otsala. Makhadi 6 odya mawati 200 lililonse ndi mawati 1,200, chimodzimodzi ndi mbale imodzi ya chitofu cha magetsi yoyaka usana ndi usiku. Pa tsiku ndi mayuniti pafupifupi 29, ndipo pa masiku 30 ndi mayuniti 864, osawerengera mafani oonjezera. Mtengo wa ZESCO wa m'nyumba umakwera malinga ndi kuchuluka kwa mayuniti ogulidwa pa mwezi: oyamba ndi otsika mtengo pofuna kuthandiza mabanja osauka, ndipo ochuluka amalipiridwa mokwera. Makina okumba amadya mayuniti otsika mtengo aja m'masiku ochepa oyambirira a mwezi, ndiye banja lonse limaphika ndi kuunikira pa mtengo wapamwamba. Chipinda chotentha chija, kunena zoona, ndi bilu ya magetsi imene munthu akuimva pakhungu.

Tsono funso ndi lakuti makhadiwo akubweza chiyani. Bitcoin inasiya kukumbidwa ndi makhadi kalekale, cha m'ma 2013, pamene kunabwera makina apadera otchedwa ASIC amene amachita ntchito imodzi yokhayo mwamsanga koposa. Ndalama imene inkapindulitsa okumba ndi makhadi inali Ethereum, ndipo m'zaka za 2020 ndi 2021 makhadi anasowa m'masitolo a dziko lonse lapansi chifukwa cha iyo. Koma pa 15 Sepitembala 2022 oyendetsa Ethereum anasintha njira yosungira kaundula wawo, kukumba n'kutheratu tsiku lomwelo. Okumba anathamangira ku ndalama zing'onozing'ono monga Ravencoin ndi Ethereum Classic, zimene sizikanatha kudyetsa khamu lonselo, ndipo ambiri anagulitsa makhadi awo. Khadi logwiritsidwa kale ntchito limene likuoneka lotsika mtengo pa intaneti lingakhale limodzi mwa amenewa, lotopa, mafani atatha ndi phala litauma. Wogula amagula vuto la kutentha pamodzi ndi khadilo.

Chaka cha 2024 chinaphunzitsa dziko lino mtengo weniweni wa magetsi. Mvula itakanika, Mtsogoleri wa dziko, Bambo Hakainde Hichilema, analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Magetsi ambiri a Zambia amachokera ku madzi, makamaka ku Kariba ndi ku Kafue Gorge, ndipo madzi a ku Kariba atatsika, pofika Sepitembala madera ambiri ankakhala maola okwana 21 pa tsiku opanda magetsi. Kuyambira Novembala chaka chomwecho bungwe la Energy Regulation Board linalola mitengo ya padera yokwera kwa ogwiritsa ntchito magetsi ambiri, kuti ZESCO ipeze ndalama zogulira magetsi kunja. Makina okumba amapindula pokhapokha akamayenda maola onse 24. Oyenda maola atatu pa tsiku sangabweze ngakhale mtengo umene anagulidwira, ndipo kuwayendetsa ndi jenereta ya petulo n'kuwotcha makwacha. Kuzima ndi kuyaka kwadzidzidzi kumaononganso zipangizo.

Alimi adziwenso kuti Bank of Zambia inalengeza mu 2018 kuti ndalama za pa kompyuta si ndalama zovomerezeka zolipirira m'dziko lino, ndi kuti wochita nazo malonda akuziika yekha pa ngozi. Kholo limene lapemphedwa mpamba lili ndi ufulu wofunsa mafunso a mlimi aliyense: makinawa adya mayuniti angati pa mwezi, pa mtengo wanji, ndipo mwezi wathawu anabweza makwacha angati m'manja? Mwana amene sangayankhe ndi manambala sanawerengere bwino.

Izi sizitanthauza kuti kukumba sikunapindulepo m'dziko lino. Ku Ikelenge, m'chigawo cha Kumpoto Chakumadzulo, pafupi ndi pamene mtsinje wa Zambezi umayambira, kuli malo opangira magetsi a Zengamina, amene anamangidwa pakati pa 2004 ndi 2008 ndi ndalama zachifundo kuti aunikire chipatala cha mishoni ya Kalene ndi midzi yozungulira. Mphamvu yake ndi makilowati 700. Kwa zaka zambiri anthu a kumeneko sankatha kumaliza magetsiwo, popeza kulibe mafakitale ndipo malowo sanali olumikizidwa ku mawaya a dziko lonse, kotero kuti oposa theka ankangotayika. Kampani ya ku Kenya yotchedwa Gridless inabweretsa kontena ya makina 120 okumba Bitcoin n'kuiika pafupi ndi mtsinje kuti izidya magetsi otsalawo. Wailesi ya BBC itayendera malowo mu 2025, inanena kuti makinawo ankabweretsa pafupifupi 30 peresenti ya ndalama zonse za Zengamina, zimene zinathandiza kuti mtengo wa magetsi kwa anthu a m'midzi ukhale wotsika. Kampani yomweyo inachitanso zotere ku Bondo, m'munsi mwa phiri la Mulanje ku Malawi.

Kusiyana kwa Zengamina ndi chipinda cha ku Pamodzi kuli poyera. Ku Zengamina makina anali a ASIC, kontena inapangidwa kuti mphepo izidutsa, ndipo magetsi ndi amene analibe wowagula. Ku Ndola magetsi ali ndi owafuna ambiri: migodi ya mkuwa imene imadya pafupifupi theka la magetsi a dziko lino, zigayo, owotcherera zitsulo, ometa tsitsi ndi amayi ogulitsa nsomba za m'firiji. Ndipo ngakhale ku Zengamina komweko mgwirizano sunali wamuyaya. M'lipoti lomwelo la 2025 kunanenedwa kuti malowo apeza ndalama zofikitsira magetsi ku midzi ina ndi kulumikizana ndi mawaya a dziko lonse, ndi kuti magetsi otsala akadzayamba kugulitsidwa kumeneko, kukumba Bitcoin sikudzapindulanso ndipo kontena ija idzasamuka.