Nkhani ya Mwezi Uno: Okumba Matope ndi Makina Anzeru

Magetsi amene awala m'tauni ya Zomba achokera ku mtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Koma mvula ikagwa pa minda yopanda mizere ndi pa mapiri ometedwa mitengo, dothi litsikira kumtsinje nilikakhala pansi pa madamu, ndipo makina opanga magetsi asowa madzi. Chifukwa chake alipo amuna amene nchito yao ndiyo kuyendetsa chombo chokumba matope. Chombocho chiri ndi mano ozungulira akuswa matope pansi, ndi pampu yakuwakankhira kumtunda m'mapaipi akulu. Pa chipangano cha Malawi ndi America cha 2013 kufikira 2018 anagula chombo chotere cha ku Kapichira, ndi makina ochotsa namasupuni pa Liwonde.

Tsono kwamveka mbiri ya nzeru zopanga za m'makompyuta, zimene azicha AI; ndipo makolo angafunse kuti, Kodi mwana aphunzire nchitoyi, kapena makina adzamlanda?

Tisanyengane. Ku Holland, kumene kuli akatswiri a zombozi, zombo zatsopano ziyesa zokha kuya kwa madzi ndi kulemera kwa matope m'paipi, nizionjeza kapena kuchepetsa liwiro popanda dzanja la munthu. Luso limene woyendetsa wakale analipeza pakumvetsera kulira kwa injini zaka zambiri, kompyuta irikulilandira pang'onopang'ono. Nchito yakugwira chitsulo kuyambira m'mawa kufikira madzulo idzachepa ndithu.

Koma matope sachepa ai. Ndiponso kompyuta siingathe kutsika m'madzi kukazula chipika chokodwa m'mano a chombo, kapena kulumikiza paipi yong'ambika, kapena kudzutsa injini yakufa pamene chipangizo chake chikali kutsidya la nyanja. Mu Januwale 2022, pamene namondwe Ana anagumula damu la Kapichira nazimitsa magetsi ake onse, anafunika anthu a manja ndi maso miyezi yambiri. Ngakhale kuno kwathu, tayang'anani damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri, limene limwetsa tauni yonse. Moto ndi nkhwangwa zikapitirira kudya nkhalango yolizinga, matope adzalowamo monga alowera ku Shire, ndipo okumba adzafunika pomwepo.

Chimene tiona ife ndi ichi: nchito idzakhalapo, koma wolembedwa adzakhala wina. Kale anafuna mnyamata wa mphamvu ndi wopirira dzuwa. Tsopano adzafuna wodziwa kuwerenga manambala pa galasi la kompyuta, wozindikira pamene makina alikunama, ndi wodziwa kukonza injini ndi magetsi. Malo ake ngowerengeka, pakuti zombo zotere m'dziko lathu nzochepa, ndipo chombo chimodzi sichilemba mudzi wonse. Mwana amene mtima wake uli pa nchitoyi asasiye masamu. Atsirize sukulu, napite ku sukulu ya nchito zamanja monga ya Nasawa, pakuti wodziwa injini ndi pampu, akapanda kupeza malo pa chombo, adzawapeza pa chigayo kapena pa munda wothirira.