Lolani adotolo apime mtembo

M'makomboni mwathu munthu akafa mwadzidzidzi, abale amathamangira kuloza zala. Ena ati anamuthirira poizoni ku bala, ena ati ni nkhalamba ya nyumba yoyandikana. Koma apolisi akanena zopima mtembo, abale omwewo amakana kuti wakufa asavutitsidwe. Ife tikuona kuti kukana kumeneku ni kulakwa.

Boma lili ndi akatswiri a nchito imeneyi, ndipo mu 2020 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la National Forensic Act loyendetsa nchito yao. Dotolo wopima mitembo amayang'ana mtima, ubongo ndi ziwalo zina. Nthawi zambiri amapeza kuti wopha ni BP kapena mtima, matenda amene ana a malemu nawonso afunika kukapimitsa msanga. Akakayikira poizoni, amatumiza magazi ndi za m'mimba ku gawo lopima mankhwala, komwe amatha kuzindikira mankhwala a makoswe, a m'dimba kapena kacasu woipa. Ngati ni kacasu, anthu ena akali kumwa m'botolo lomwelo! Aliponso a zidindo za zala, a zipolopolo ndi a DNA.

Zotsatira zimacedwa, ni zoona, ndipo maliro amadya ndalama tsiku lililonse. Apa boma lifulumize. Koma inu a m'banja musataye kapu, botolo kapena cakudya cimene malemu anasiya. Perekani kwa apolisi osatsuka.