Pakhonde pa Mphunzitsi: Ndege Youluka pa Chingwe

Mwezi uno tifuna kucheza nanu za kanthu kamene ena adzati ndi masewera chabe, koma ife kadatibwezera mwana m'kalasi.

Kuno kwathu kunyanja, m'boma la Nkhotakota, mphunzitsi aliyense adziwa kuti mwezi ukakhala kumdima ndipo usipa wayamba kufa, mipando ya anyamata imakhala yopanda anthu. Anyamatawo amachezera panyanja ndi nyali ndi chilimira, ndipo kukacha amagona kapena kuyanika nsomba pathandala. Sitiwaweruza msanga, pakuti ndalama ya usipa imaoneka tsiku lomwelo, pamene phindu la sukulu limachedwa zaka zambiri.

Mmodzi wa anyamata otere adali m'kalasi mwathu, mu Sitandade 7, wa zaka 14. Adali mwana waulemu, koma masamu adali mdani wake, ndipo pa sabata amabwera masiku awiri kapena atatu okha. Tsiku lina tidampeza kuseri kwa kalasi akuzunguza kandege kosema ku chiwale, atakamanga ku twaini wa ukonde. Mtima woyamba udati timulande. Koma titakagwira m'manja tidaona kuti mapiko ake adali olingana bwino, ndipo tidakumbukira magalimoto a mawaya amene ifenso tinkapinda tili ana. Tidamfunsa ngati kandegeko kamakwera ndi kutsika monga iye afunira. Adayankha kuti, "Iyayi aphunzitsi, kamangozungulira. Ndayesa, koma kakana kundimvera."

Mwanayo sadadziwe kuti funso lakelo lidayankhidwa kale agogo ake asanabadwe. Ku America, m'chigawo cha Oregon, munthu wina dzina lake Oba St. Clair adaulutsa kandege ka injini pa zingwe m'chaka cha 1937. M'chaka cha 1940 Jim Walker wa mumzinda wa Portland adayamba kugulitsa kandege kotchedwa Fireball, kowongoleredwa ndi zingwe ziwiri, ndipo masewerawa adafala m'maiko ambiri. Mpaka lero pali mipikisano ya dziko lonse ya liwiro, ya kuonetsa luso la kutembenuka m'mwamba, ndiponso ya ndege ziwiri zothamangitsana kuti zidulane kansalu kapepala komangidwa kumchira.

Chinsinsi chake n'chapafupi. Woulutsa amaima pakati pa bwalo atagwira chogwirira, ndipo kuchokera pa chogwiriracho pamapita zingwe ziwiri, china pamwamba china pansi. Zingwezo zimalowa kunsonga kwa phiko lakumanzere ndi kukamangidwa pa kachitsulo ka ngodya zitatu kamene kamatembenuka pa bawuti, kamene eni ake amakatcha bellcrank. Kuchokera pa kachitsuloko pamapita kawaya kolimba kufikira kumchira, kumene kuli chipsepse chopindika ngati chitseko. Mukakweza mkono, chingwe chapamwamba chimakoka, chipsepse chimadzuka, ndipo ndege imakwera. Mukatsitsa mkono, ndege imatsika. Mwana wa kunyanja amene waona chambo chikutembenuka ndi chipsepse chake savutika kumva zimenezi.

Koma kumva ndi kwina, kupanga ndi kwina. Pamafunika pulani, ndiye kuti chithunzi chojambulidwa pa msinkhu weniweni wa ndegeyo, choonetsa chiwalo chilichonse ndi muyeso wake. Kale mapulani otere ankasindikizidwa m'magazini monga Aeromodeller ya ku England, imene idayamba mu 1935, ndi Model Airplane News ya ku America. Magazini akalewo sitingawapeze pa msika wa pa Nkhotakota. Koma okonda masewerawa adasonkhanitsa mapulani akale zikwizikwi pa intaneti, ndipo malo amodzi otchedwa Outerzone amalola munthu kuwatenga kwaulere. Tidatuma mphwathu amene amagwira ntchito ku Lilongwe kuti atifunire kumeneko, ndipo adatitumizira atatu.

Yoyamba idali Nobler, ya George Aldrich, imene pulani yake idatuluka mu Model Airplane News mu 1952. Ndi ndege yokongola, koma phiko lake lili ndi nthiti zambiri zofuna mmisiri wozolowera. Yachiwiri idali Ringmaster, ya Matt Kania, ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, imene thupi lake ndi thabwa limodzi lathyathyathya ndipo mapiko ake ndi mainchesi 42 kuchokera nsonga kufika nsonga. Yachitatu idali Phantom, ya Bill Dean, imene kampani ya Keil Kraft ya ku England inkagulitsa itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Iyi ndi yaing'ono, mainchesi 21 okha, ndipo phiko lake ndi thabwa lathunthu lopanda nthiti. Tidasankha phiko ndi mchira wa Phantom, ndipo thupi tidalipanga lathyathyathya monga la Ringmaster. Kwa oyamba, uphungu wathu ndi womwewo: sankhani yaing'ono ndi yosavuta kukonza ikathyoka, pakuti kuthyoka idzathyoka ndithu.

Apa tidalakwa koyamba, ndipo tiulula kuti inu musagwe m'mbuna yomweyo. Tidapita ndi pulaniyo kwa wosindikiza mapepala, ndipo makina adaifinya yonse kuti ikwane pa pepala limodzi. Tidadula phiko motsata pepalalo, ndipo lidatuluka lalifupi ngati la njiwa. Pulani iyenera kusindikizidwa pa msinkhu wake weniweni, pa mapepala angapo amene mudzalumikiza ndi guluu. Musanadule kanthu, ikani rula pa pepalalo ndi kuyesa ngati muyeso wolembedwa ukugwirizana ndi wojambulidwa. Safunsa adadya phula.

Kulakwa kumeneku ndiko kudatsegula khomo la masamu. Mapulani akale adalembedwa m'mainchesi, ndipo rula yathu ndi ya masentimita. Tidamuuza mnyamatayo kuti inchi imodzi ndi masentimita 2.54, ndipo tidamsiya. Mwana amene ankathawa kuchulukitsa adakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka atapeza yekha kuti mainchesi 21 ndi masentimita 53 ndi pang'ono. Tsiku lina adafunsa liwiro la ndege zazikulu monga Nobler. Tidamuuza kuti zimauluka pa zingwe za mamita 18, ndipo zimazungulira kamodzi pa masekondi ngati 5. Adawerengera kuti bwalo lotero ndi mamita 113 kuzungulira kwake, ndipo liwiro lake lipitirira makilomita 80 pa ola, kuposa minibasi ya pa msewu wa ku Salima itadzaza katundu. Kuyambira tsikulo 22 kugawa ndi 7 sidalinso nambala yongoloweza.

Tsono za zipangizo. Mapulani onsewo amatchula mtengo wa balsa, wopepuka kwambiri, umene wambiri umachokera ku Ecuador. Ife tilibe balsa, koma Mlengi sadatimane: tili ndi chiwale m'mbali mwa mitsinje yathu. Phesi la chiwale louma bwino, mukalichotsa khungu, mkati mwake ndi mopepuka ndipo mumasemeka ndi mpeni kapena lezala. Tidaseka timatabwa tatitali, n'kutilumikiza m'mbali ndi guluu woyera wa akalipentala, ndipo kutsogolo kwa phiko tidamatako kamzere ka nsungwi kuti lilimbe. Thupi tidalidula ku thabwa lopyapyala la malaina. Kachitsulo ka ngodya zitatu tidakadula ku chivundikiro cha poto wakale, kawaya kopita kumchira kadali sipoko ya njinga, ndipo chipsepse tidachilumikiza ndi tinsalu tating'ono tomata mosinthanitsa, kena pamwamba kena pansi.

Pali malamulo anayi amene pulani iliyonse yabwino imasunga, ndipo wowanyoza adzatola zidutswa. Loyamba, ndege ikhale yolemera chakutsogolo: mukaiika pa zala ziwiri pansi pa phiko, idekhe pa malo osapitirira gawo limodzi la magawo anayi kuchokera kutsogolo kwa phikolo. Ikalemera kumchira imalumpha ngati mwana wa mbuzi ndipo siigwirika. Lachiwiri, ikani kamtovu kakang'ono ka mbedza kunsonga kwa phiko lakumanja, kuti kalingane ndi kulemera kwa zingwe zimene zili kumanzere. Lachitatu, tsigiro la kumchira lipotokere pang'ono kumanja, kuti ndege izifuna kuthawira kunja kwa bwalo, motero zingwe zikhale zokungika. Lachinayi, zingwe ziwirizo zikhale zolingana ndendende, kuti chogwirira chikaima chilili chipsepse chikhale chowongoka.

Nanga injini? Ndege zina zakale zinkayenda ndi tiinjini tating'ono, monga ka Cox .049, kamene kukula kwake sikafika ngakhale cc imodzi. Mafuta ake ndi methanol wosakaniza ndi mafuta a nsatsi ndi mankhwala ena, ndipo methanol ndi poizoni woopsa amene achititsa khungu ndi kupha munthu akamwa. Masiku ano ambiri amaika mota ya magetsi ndi batire. Ife tidalibe zonsezi, koma sitidagwe mphwayi, pakuti Jim Walker yemweyo ankagulitsanso ndege zopanda injini zokokedwa ndi ndodo. Tidatenga nsungwi ya mamita 2, monga ya mbedza, n'kumangirira mphete ya waya kunsonga kwake. Zingwe za twaini za mamita 5 zidadutsa mumphetemo. Dzanja limodzi ligwira nsungwi ndi kukoka ndege pozungulira, linalo ligwira chogwirira ndi kuiwongolera.

Tidasankha bwalo la mpira, m'mamawa mphepo isanadzuke. Pa nyengo ya mwera musayese n'komwe, pakuti ndege ikafika mbali imene mphepo ichokera, mphepoyo imaikankhira kwa woulutsa, zingwe zimakhwefuka, ndipo simungathenso kuilamula. Makolo, tcherani khutu apa: ndege zazikulu zimauluka pa mawaya achitsulo, ndipo kumaiko ena anthu adafa mawayawo atakhudza nthambo za magetsi. Ngakhale twaini wonyowa ndi woopsa. Mwana asaulutse pafupi ndi nthambo za magetsi, kapena pamene kukuchita ziphaliwali, ndipo oonerera onse aime kutali kunja kwa bwalo.

Ulendo woyamba ndege idakwera molunjika kumwamba n'kudzagwa chamutu. Ana adaseka, ndipo mnyamatayo misozi idalengeza. Tidapeza kuti amapinda dzanja pamfundo mopitirira. Tidamuuza kuti aumitse mkono wonse ndi kuloza nawo kumene afuna kuti ndege ipite. Ulendo wachinayi idazungulira kasanu ndi kawiri, yosagwa, mpaka mwini wake adachita chizungulire n'kukhala pansi akuseka.

Koma chimene chidatikhudza koposa ndi ichi. Bambo wa mnyamatayo, msodzi wa zaka zambiri, poyamba adatitumizira mawu akuti aphunzitsi akumtayitsa mwana nthawi ndi zidole. Tidapita kunyumba kwake ndi phiko lothyoka m'manja, ndipo titapatsana moni tidati, "Bambo, ife choko tidziwa, koma kusema sitidziwa. Tithandizeni." Adalitembenuza phikolo kawiri, n'kunena kuti talisema ngati chipika. Adatenga kampeni kake, nalisema monga asemera nkhafi, lokhuthala kutsogolo ndi lopyapyala kumbuyo, pamwamba pokhota pansi pathyathyathya. Umo ndi mmenenso pulani idajambulira, ngakhale iye sadaiwerenge. Phiko lakelo ndilo lidauluka bwino koposa onse, ndipo Loweruka lotsatira adabwera yekha kubwalo kudzaona. Tidapangana kuti mwanayo azipita kunyanja Lachisanu usiku ndi pa tchuthi pokha. Sitinena kuti zonse zatheka, pakuti mayeso a Sitandade 8 akali kutsogolo, ndipo usipa sunaleke kuitana. Koma teremu yathayi dzina lake m'kaundula lidali ndi masiku atatu okha ojomba.

Ena adzafunsa kuti zidzampindulira chiyani. Nyanja yathu ino idaonapo ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC, zimene zinkaima ku Cape Maclear mu 1949 ndi 1950, ndipo makolo athu ankangoziyang'ana ngati za eni ake. Koma taonani anansi athu a ku Kasungu. William Kamkwamba wa ku Wimbe adali ndi zaka 14 pamene adaona chithunzi m'buku la m'laibulale, namanga makina opanga magetsi ndi mphepo. Mu 2017 boma pamodzi ndi UNICEF lidatsegula ku Kasungu komweko malo oyeserapo tindege topanda woyendetsa tonyamula mankhwala, ndipo mu 2020 ku Lilongwe kudatsegulidwa sukulu yophunzitsa achinyamata a mu Africa kupanga ndi kuulutsa tindege totero. Amene adzalowe m'makalasi amenewo ndi ana amene lero akusema chiwale kuseri kwa nyumba zathu.

Chotero pempho lathu kwa inu abambo, amayi ndi atsibweni ndi ili: mukaona mwana, wamwamuna kapena wamkazi, akupinda waya kapena kusema phesi, musathamangire kumkalipira. Khalani naye pansi, mumfunse chimene chikumkanika, ndipo mufune pulani pamodzi. Pabwalo paja tidaphunzira kuti ndegeyi imamvera pokhapokha chingwe chili chokungika. Chikakhwefuka imagwa, ndipo mukachikoka mwaukali imagwanso. Kulera mwana kuli chimodzimodzi. M'mera mpoyamba.

Amene afuna kuyesa ayambe kudula chiwale tsopano, kuti chiume bwino pamthunzi tchuthi chisanafike.