OutRun ikali kuyenda, The Crew inafa: kodi masewela amene munagula ni anu?

Masewela a motoka ochedwa OutRun, amene kampani ya Sega ya ku Japan inatulutsa mu 1986, akali kuseweledwa mpaka lelo ndi anthu amene anasunga makina ao akale. Koma masewela ena a motoka, The Crew, amene anatuluka mu 2014, analeka kugwila nchito atangokhala zaka zosakwana khumi. Kusiyana kumeneku ndiko kwautsa mkangano pakati pa ogula ndi makampani.

OutRun inakonzedwa ndi Yu Suzuki. Wosewela amayendetsa Ferrari Testarossa yofiila, amasankha nyimbo asananyamuke, ndipo amapikisana ndi nthawi. Mseu umagawika pawili kumapeto kwa cigawo ciliconse, kotelo kuti ulendo ungathele pa malo asanu osiyana. Poyamba inali m'nyumba za masewela zolipila, kenaka inafika pa makina a panyumba: Master System mu 1987 ndi Mega Drive mu 1991. Zonse zofunika zinali mkati mwa katiliji. Aliyense amene ali nako ndi makina abwino angasewele popanda kupempha cilolezo kwa munthu.

Zinthu zinasintha pamene malonda anasamukila pa intaneti. OutRun Online Arcade ya mu 2009 inacotsedwa pa sitolo ya PlayStation mu 2010 ndi pa ya Xbox mu 2011, cifukwa pangano la Sega ndi Ferrari linatha. Masewelawo analibe vuto lililonse. Cimene cinatha ni cilolezo cogwilitsila nchito dzina ndi maonekedwe a motoka.

Nkhani ya The Crew inafika poipa kwambili. Masewelawa anali kudalila makompyuta a kampani ya Ubisoft ya ku France, ndipo pamene kampaniyo inawazimitsa pa 31 March 2024, ngakhale amene anagula disiki ndi ndalama zao anatsala ndi cinthu copanda nchito. Ross Scott, wopanga mavidiyo pa YouTube, anayambitsa kampeni ya Stop Killing Games, ndipo mu 2025 pempho lopita ku bungwe la European Union linasainidwa ndi anthu oposa miliyoni imodzi. Pempholo silikakamiza makampani kusamalila masewela kwamuyaya. Likufuna cabe kuti asanawasiye, awakonze kuti azigwila nchito paokha.

Makampani, kudzela m'bungwe lao la Video Games Europe, anayankha kuti lamulo lotelo lingakweze mtengo wopangila masewela. Mfundoyi ili ndi mbali yoona, pakuti kuyendetsa makompyuta amenewa kumadya ndalama. Komabe siiyankha funso la wogula: ngati analipila zobweleka cabe, n'cifukwa ciani pa sitolo panalembedwa kuti "gulani"? Boma la California ku America linaona vutoli, ndipo mu 2024 linakhazikitsa lamulo lakuti ogulitsa azinena poyela ngati munthu akulipila cilolezo cabe.

Kuno kwathu, kumene ambili amagula makina ndi madisiki ogwilitsidwa kale nchito, ngoziyi ni yaikulu. Disiki ingaoneke yatsopano, yopanda cikanda ngakhale cimodzi, koma ngati pa cikuto palembedwa kuti masewelawo amafuna intaneti nthawi zonse, m'pofunika kufunsa coyamba ngati kampani yake ikali kuwayendetsa musanatulutse ndalama.